TIMU YOBADWIRA M'NYUMBA YA EPISKOPI

Kumpoto cha kuvuma kwa dziko la England, m'chigawo cha Durham, kuli tauni yaing'ono yotchedwa Bishop Auckland, ya anthu pafupifupi 25,000, yomangidwa pa mtunda pamene kamtsinje ka Gaunless kamathira mu mtsinje wa Wear. Dzina la tauniyi lidachokera kwa maepiskopi a Durham, amene kwa zaka mazana ambiri ankakhala kumapeto kwa msika m'nyumba yao yachifumu, Auckland Castle. Kuyambira m'zaka za m'ma 1500 maepiskopiwo akhala a Mpingo wa Anglican. Tauni imeneyi ili ndi timu ya mpira wa miyendo imene masiku ano amaionerera anthu mazana ochepa chabe, ndipo oseŵera ake amadzuka m'maŵa kunka ku ntchito zina monga munthu wina aliyense, namalandira kangachepe akaseŵera. Komatu timu yomweyi idaseŵerapo kangapo pamaso pa anthu 100,000. Mbiri yake ikuyenera malo m'masamba ano chifukwa idayambidwa ndi anyamata okonzekera ubusa, ndiponso chifukwa moyo wake wonse udazungulira funso limene ophunzira za chikhalidwe chachikhristu sangalipeputse: kodi munthu akalandira ndalama pa maseŵera, waipitsa maseŵerawo? Nanga woyenera kuŵeruza mlandu umenewu ndani?

M'chaka cha 1879 ku Durham kudafika episkopi watsopano, Joseph Barber Lightfoot, amene anali ataphunzitsa zaka zambiri ku Cambridge. Aseminale amene adaloŵapo m'maphunziro a Makolo a Eklezia akulidziŵa dzina limeneli, pakuti iye, potsatana ndi Theodor Zahn wa ku Germany, ndiye adatsimikiza m'buku lake la 1885 kuti makalata asanu ndi aŵiri a Ignatius Woyera wa ku Antioch ndi enieni, pa nthaŵi imene akatswiri ambiri ankaŵakayikira. Ife Akatolika tili naye ngongole pa chimenechi, popeza makalatawo ndi mboni yakalekale ya udindo wa episkopi ndi ya Ukaristia. Lightfoot sadakwatire. Nyumba yaikulu ija adaidzaza ndi anyamata otsiriza maphunziro ku Oxford ndi ku Cambridge, amene ankakhala ngati ana a m'nyumba, kudya naye pa thebulo limodzi, kuŵerenga naye Chipangano Chatsopano m'Chigriki, ndi kuyendera mabanja a m'tauni ndi a m'midzi yozungulira asanadzozedwe. Tinganene kuti inali seminale yaing'ono ya m'nyumba mwa episkopi.

Anyamata ameneŵa ndiwo adayambitsa timu ya mpira m'chaka cha 1882, yotchedwa Bishop Auckland Church Institute. Adasankha zovala za mitundu iŵiri ya buluu: woderako wa Oxford ndi woŵala wa Cambridge. Sadachite chachilendo. M'zaka zimenezo atsogoleri ambiri a mipingo ku Britain ankakhulupirira kuti thupi lolimba limathandiza mzimu, ndi kuti mnyamata amene ali pa bwalo masana a Loŵeruka sali ku moŵa. Aston Villa idabadwira pa tchalitchi cha a Wesleyan m'chaka cha 1874, Everton pa tchalitchi cha a Methodist m'chaka cha 1878, ndipo kumbali yathu Brother Walfrid wa chipani cha a Marist adayambitsa Celtic ku Glasgow m'chaka cha 1887 kuti ipeze ndalama zodyetsera ana a amphaŵi. Oŵerenga a kuno aŵazindikira masukulu aŵiri aja: ndi omwe aja adautsa mishoni ya U.M.C.A. David Livingstone atalankhula ku Cambridge m'chaka cha 1857, ndipo Durham yomwe idaloŵa nao m'ntchitoyo. Mtima umene udatuma anyamata ena ku Magomero ndi ku Likoma ndiwo udatuma anzao ku midzi ya malasha, imene kwa mwana wa banja lolemera la kumwera kwa England inali pafupifupi dziko lachilendo.

Padangopita zaka zinai, mkangano udabuka, ndipo m'chaka cha 1886 gulu lina lidapatuka nkukhazikitsa timu yakeyake, Auckland Town. Dzinalo lokha likunena zambiri: mau akuti Church adachoka, m'malo mwake mudaloŵa mau akuti Town. Timu yopatukayi ndiyo idakhala moyo. M'chaka cha 1889 inali imodzi mwa matimu khumi oyambitsa Northern League, ligi yachiŵiri pa ukale mwa maligi onse a mpira amene adakalipo pa dziko lapansi, popeza Football League yokha, ya 1888, ndiyo idaitsogolera. M'chaka cha 1893 idatenga dzina la Bishop Auckland. Chochititsa chidwi nchakuti opatukawo adayamba avala zovala za mtundu wina, koma pambuyo pake adabwerera ku buluu uŵiri wa anyamata a kwa episkopi, ndipo mpaka lero anthu amaitcha timuyo The Two Blues.

Sindikuona chomvetsa chisoni pa kupatuka kumeneku. Wophunzira amabwera, nakhala chaka, nadzozedwa, natumidwa kwina; mmisiri wa m'tauni ndi ana ake amakhala pomwepo. Timu ikadatsala m'manja mwa anyamata odutsa, ikadafa pamodzi ndi Lightfoot m'chaka cha 1889, kapena ikadasanduka kaseŵera kongopumulira alendo. Wansembe aliyense amene adayambitsapo kwaya, bungwe la achinyamata kapena timu pa parishi akudziŵa kuŵaŵa kwake tsiku limene eni mudzi anena kuti tsopano tiziyendetsa tokha, ndipo nthaŵi zambiri amanena mosasankha mau. Koma ntchito imene sinafike pa tsiku limenelo idakali ya bambo mfumu, ndipo idzasamuka nawo pamodzi akadzasamutsidwa.

Eni mudzi a ku Bishop Auckland anali anthu a migodi ya malasha, a njanji ndi a zitsulo. Abale athu amene adapitako ku Joni kapena ku Wankie sasoŵa kuŵafotokozera za moyo wa pansi pa nthaka. M'chaka cha 1892 anthu a m'migodi m'chigawo chonse cha Durham adanyanyala ntchito pafupifupi miyezi itatu, eni migodi atafuna kudula malipiro, ndipo njala idaloŵa m'midzi. Woloŵa m'malo mwa Lightfoot, Brooke Foss Westcott, adaitanira mbali zonse ziŵiri ku Auckland Castle, ndipo m'nyumba momwemo adagwirizana kuti malipiro atsike ndi 10 pa 100, osati 13 ndi theka monga ankafunira eni migodi. Panali patangopita chaka chimodzi Papa Leo XIII atalemba kalata yake ya Rerum Novarum, yonena za malipiro oyenera ndi za mpumulo wa wantchito. Nchofunika kukumbukira zimenezi poŵerenga zotsatirazi, chifukwa anyamata amene ankathamanga pa bwalo la Kingsway, pamene timu inkaseŵera mobwerekana ndi a maseŵera a kriketi, anali ana a nyumba zimene sheleni limodzi linkasiyanitsa kudya ndi kugona ndi njala.

Tsono pa nthaŵi yomweyo mpira ku England unali utagaŵika paŵiri. Bungwe loyendetsa mpira, Football Association, lidaloleza kulipira oseŵera m'chaka cha 1885, koma lidachita zimenezi monyinyirika, ndipo lidaika mpanda pakati pa olipidwa ndi osalipidwa. Osalipidwawo ankatchedwa ndi mau akuti amateur, ochokera ku mau a Chilatini akuti amator, ndiye kuti wokonda: munthu wochita chinthu chifukwa chochikonda basi. Pofuna kuŵasunga anthu otereŵa, bungwe lidakhazikitsa chikho chaochao, F.A. Amateur Cup, chimene adayamba kuchipambana m'chaka cha 1894 ndi a Old Carthusians, ophunzira akale a sukulu ya ana a olemera ya Charterhouse. Amene adalemba malamulowo ankalingalira za anthu onga iwo omwe, maloya, aphunzitsi a masukulu apamwamba, akuluakulu a asilikali, amene Loŵeruka linali lao kale. Koma wa mu mgodi akati akaseŵere kutali, ankataya malipiro a tsikulo, ndipo akathyoka mwendo banja lonse linkathyoka naye. Kumbwezera zimene wataya kunali kuphwanya lamulo. Nkhani yomweyi ndiyo idang'amba paŵiri maseŵera a rugby m'chaka cha 1895, pamene matimu a kumpoto adapatuka ku Huddersfield.

Funso limeneli nlakale kuposa mpira. Aristotle adaphunzitsa kuti zinthu zapamwamba ndi zimene munthu amazichita chifukwa cha izo zokha, osati pofuna kupezerapo china, ndipo kuti zimenezi zimafuna nthaŵi yomasuka ku ntchito. Adanena zoona. Koma mzinda umene iye ankaulingalira unkapereka nthaŵi yomasukayo kwa mfulu zoŵerengeka, pamene akapolo ndi amisiri ankasenza ntchito, ndipo iye sadabise zimenezi. Thomas Aquinas Woyera, m'gawo lachiŵiri la chigawo chachiŵiri cha Summa, pa funso 168, adayambira pena. Kwa iye maseŵera ndi mpumulo wa mzimu wotopa, monga tulo tili mpumulo wa thupi. Adakumbutsa nkhani yakale ya Yohane Woyera, Mlaliki, amene adayankha womdzudzula pomuonetsa kuti uta wokokedwa kosalekeza umathyoka. Ndipo adafika ponena kuti kukaniratu maseŵera ndi chilema, ndi kuti anthu amene ntchito yao nkusangalatsa anzao angalandire mphotho popanda tchimo, malinga achite moyenera. Ngati maseŵera ndi mankhwala a kutopa, wotopa kwambiri ndiye woyamba kuŵayenera. Potengera muyeso umenewu, lamulo la ku London lidatembenuza zinthu: lidaika ulemu wonse pa kusalandira ndalama, chinthu chimene chinali chapafupi kwa wokhuta ndi cholemera kwa wanjala.

Chodabwitsa nchakuti chikho chimene chidakonzedwera ana a olemera chidasamukira kumpoto, ndipo Bishop Auckland ndiyo idachisandutsa ngati chake. Idachitenga koyamba m'chaka cha 1896 pogonjetsa asilikali a Royal Artillery a ku Portsmouth 1-0, kenaka mu 1900, 1914, 1921, 1922, 1935 ndi 1939. Chigawo chonsecho chinali chitaledzera ndi mpira. Kamudzi koyandikana nako ka West Auckland kadatumiza timu, ambiri mwa iwo anthu a mu mgodi, ku Turin m'dziko la Italy m'chaka cha 1909 kukapikisana pa chikho cha Sir Thomas Lipton. Adachitenga, ndipo atabwererako mu 1911 adagonjetsa Juventus 6-1. Crook, Willington, Shildon, Tow Law, midzi yoti munthu atha kuiyendera yonse pa njinga tsiku limodzi, uliwonse unali ndi timu yake ndi udani wake.

Nanga anyamata osaukawo ankakhoza bwanji kuseŵera osalipidwa? Yankho lake aliyense ankalidziŵa, ngakhale sankalitchula poyera. Lamulo linkalola kubweza ndalama za ulendo ndi za tiyi, ndipo tiyi wa m'chigawo cha Durham adasanduka wokwera mtengo modabwitsa. Kunkamvekanso za ndalama zopezeka m'nsapato mpira utatha. M'chaka cha 1928 nkhani idaphulika. Timu ya Crook Town itaimbidwa mlandu wolipira oseŵera mobisa, idaonetsa kuti siinali yokha, ndipo kafukufuku atatha oseŵera oposa 300 a matimu ambiri a m'chigawocho adaimitsidwa, pamodzi ndi akuluakulu a makomiti ochuluka. Izi zidachitika patangopita zaka ziŵiri chichitikire kunyanyala kwakukulu kwa 1926, kumene kudasiya midzi ya malasha ili mbuu.

Bodza ndi bodza, ndipo mabuku a ndalama olembedwa paŵiri sangasanduke oyera chifukwa olembawo anali osauka. Mnyamata amene waphunzira pa zaka 18 kusaina chikalata chimene akudziŵa kuti nchonama wavulala pena pake, ngakhale atapambana chikho. Koma poŵeruza mlandu tiyenera kufunsanso za wopanga lamulo. Lamulo limene anthu okhulupirika ambiri sangathe kulisunga popanda kumana ana ao chakudya, ndipo olisunga okha ndi amene silikuŵatayitsa kanthu, lili ndi chilema mkati mwake; ndipo akulu amene amadziŵa kuti likuphwanyidwa paliponse, nangotsinzina mpaka tsiku limene wina aneneza mnzake, ali ndi gawo lalikulu la tchimolo kuposa wosaina uja. Amene timalemba malamulo a m'maseminale ndi a m'maparishi tingachite bwino kuisinkhasinkha nkhani ya 1928.

Mwa anyamata amene adakulira m'dongosolo limeneli munali Bob Paisley, mwana wa munthu wa mu mgodi wa ku Hetton-le-Hole, wobadwa m'chaka cha 1919, amene ankaphunzira ntchito yomanga nyumba. Adaloŵa timuyi mu 1937, ndipo olemba mbiri yake amati ankalandira masheleni atatu ndi makobiri asanu ndi limodzi pa mpira uliwonse. Anali m'gulu limene lidagonjetsa Willington 3-0 ku Roker Park mu 1939, ndipo chaka chomwecho adapita ku Liverpool. Kumeneko, ali mphunzitsi wa timu kuyambira 1974 mpaka 1983, adatenga chikho cha ku Ulaya katatu ndi ligi kasanu ndi kamodzi.

Nkhondo yachiŵiri itatha, mpira wotsiriza wa chikho cha osalipidwa udasamukira ku bwalo la Wembley m'chaka cha 1949, ndipo apa ndi pamene Bishop Auckland idafika pachimake. M'zaka zisanu ndi zitatu, kuyambira 1950 mpaka 1957, idafika ku Wembley kasanu ndi kamodzi. Poyamba zinthu sizidayende: mu 1950 anansi ao a Willington adabweza chipongwe cha 1939 poŵachinya 4-0. Koma mpira wa 1951 ndiwo woyenera kuimapo. Adakumana ndi Pegasus, timu imene idakhazikitsidwa mu 1948 ndi Harold Thompson, katswiri wa sayansi wa ku Oxford, yosonkhanitsa oseŵera a Oxford ndi Cambridge pofuna kuukitsa mzimu wakale wa amateur. Kotero pamaso pa anthu 100,000 padaima mbali imodzi ana enieni a masukulu aŵiri aja, ndipo mbali inayo timu imene idalandira mitundu ya masukuluwo kwa anyamata a Lightfoot zaka pafupifupi 70 zapitazo. Pegasus idapambana 2-1, ndipo idachitenganso chikho mu 1953. Koma pofika 1963 inali itatha. Inalibe mudzi, oseŵera ake ankatsiriza maphunziro namabalalika, ndipo panalibe agogo oti atengere mdzukulu ku bwalo. Chimene chikadaigwera Church Institute ndicho chidaigwera Pegasus.

Mu 1954 adakumana ndi adani ao a Crook Town, mudzi wa pa mtunda wa mamailosi ochepa chabe. Ku Wembley adalepherana 2-2, ku Newcastle adalepherananso 2-2, ndipo ku Middlesbrough Crook idapambana 1-0. Anthu amene adaonerera mipira itatuyo adayandikira 200,000. Pambuyo pake mphamvu zidatembenuka. Bishop Auckland idagonjetsa Hendon 2-0 mu 1955, Corinthian-Casuals 4-1 pa mpira wobwereza mu 1956, ndi Wycombe Wanderers 3-1 mu 1957. Palibe timu ina idatengapo chikhocho zaka zitatu zotsatizana, ndipo palibe ina idafikapo pa khumi. M'nyengo ya 1954-55 idatulutsanso matimu olipidwa a Crystal Palace ndi Ipswich Town mu F.A. Cup.

Tiyenera kunena kuti timu ya zaka zimenezi sinalinso ya ana a m'tauni okhaokha. Mbiri yake inkakoka akatswiri ochokera kutali, ndipo angapo anali aphunzitsi a sukulu. Olipidwa anali ndi malire a malipiro, amene pofika 1958 anali mapaundi 20 pa sabata, kotero munthu wa ntchito yabwino, wolandiranso za tiyi, sankaona chifukwa chosiyira ntchito yake. Seamus O'Connell, wa banja lochita malonda a ng'ombe, adaseŵerera Chelsea m'nyengo imene idatenga ligi mu 1955, nachinya zigoli zitatu pa mpira wake woyamba, koma sadalole kusanduka wolipidwa. Goloboyi Harry Sharratt amakumbukidwa ndi nkhani imene imasimbidwa mpaka lero, yakuti tsiku lina la chisanu, anzake atapanikiza adani kutsidya, iye adasoŵa chochita naumba chifanizo cha munthu ndi chisanu chogwa pansi, pakati pa golo, mpaka woimbira mpira adamlemba m'buku. Thomas Woyera sakadamdzudzula kwambiri. Mtsogoleri wao pa ulemu anali Bob Hardisty, amene adaimira Great Britain pa maseŵera a Olympic katatu, mu 1948, 1952 ndi 1956. Mphunzitsi wa timu ya 1948 anali Matt Busby wa Manchester United.

Pa 6 February 1958 ndege imene idanyamula timu ya Manchester United idagwa ponyamuka ku Munich. Anthu 23 adafa, asanu ndi atatu mwa iwo oseŵera. Busby, Mkatolika wolimbikira, adagona m'chipatala pakati pa moyo ndi imfa, nalandira sakramenti la kudzoza odwala kaŵiri. Wachiŵiri wake, Jimmy Murphy, adatsala ndi ntchito yoimika timu kuchokera pa anyamata osakhwima, ndipo anyamatawo atakwezedwa, timu yachiŵiri idatsala yopanda akulu. Bishop Auckland idapereka oseŵera ake atatu: Hardisty, amene anali ndi zaka 37, Derek Lewin, ndi Warren Bradley. Timu yaing'ono idabwereketsa chuma chake kwa timu yaikulu pa tsiku la maliro, monga amachitira mnansi wobwera ndi nkhuni ndi ufa pa siwa. Bradley, mphunzitsi wa sukulu, adatsalira komweko, nakwera m'timu yoyamba, ndipo pofika May 1959 anali kuseŵerera timu ya dziko la England. Ngati tifuna kudziŵa kumene tanthauzo la mau aja akuti amator lidabisala zaka zonsezi, ine ndiloza pano. Anthu amene mabuku ao a ndalama sakadapirira kafukufuku ndi omwewo adapereka oseŵera ao osafunsa mtengo.

Chichokere 1957 timuyi sidafikenso pa mpira wotsiriza wa chikho chija. Zifukwa zake zidachokera kunja kwa bwalo. Malire a malipiro a olipidwa adachotsedwa mu 1961, ndipo mnyamata waluso adalibenso chifukwa chokhalira amateur. Wailesi yakanema ndi galimoto zidatengera anthu ku mipira ya Newcastle ndi Sunderland. Koposa zonse, migodi ya kuzambwe kwa Durham idatsekedwa umodziumodzi m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, malo okonzera ngolo za sitima ku Shildon adatsekedwa mu 1984, ndipo achinyamata adatsata ntchito kwina. Mu 1974 Football Association idathetsa kusiyanitsa olipidwa ndi osalipidwa, niyamba kutcha onse oseŵera basi, ndipo chikho cha osalipidwa chidathera pomwepo. Ndalama ija idatuluka m'nsapato nkuloŵa mu envulopu yolembedwa dzina. Ena adadandaula kuti ulemu wakale wapita. Kunena zoona, chidapita ndi bodza la zaka 80, ndipo chidatsala ndi chimene chidaalipo kuyambira kale: anthu ogwira ntchito masana, ochita zokonzekera madzulo, olandira pang'ono poyera.

Koma choonadi sichidabwere ndi chuma. Timu idachoka mu Northern League m'chaka cha 1988, itakhalamo pafupifupi zaka 100, niloŵa mu Northern Premier League, kumene maulendo anali ataliatali ndi ofuna ndalama zambiri. M'zaka za m'ma 1990 idatsala pang'ono kutsekedwa chifukwa cha mlandu wa chipukuta misozi, ndipo apa Manchester United idakumbukira ngongole ya 1958, nitumiza timu kukaseŵera mpira wopezera ndalama. Mu 2002 Bishop Auckland idasiya bwalo la Kingsway, pamene idaseŵerapo zaka zoposa 100, poyembekeza kumanga lake. Kumangako kudachedwa, ndipo kwa zaka zisanu ndi zitatu idakhala yobwereka mabwalo a anansi, ku Shildon, ku Spennymoor ndi ku West Auckland. Ili m'kati mwa kusamukasamukaku idatsika nkubwerera mu Northern League mu 2006. M'zaka zimenezo idagwiriziridwa ndi anthu oŵerengeka osalandira kanthu, ogulitsa matikiti pa chipata, ochapa zovala, ophika tiyi weniweni. Malamulo akale sadaŵatchulepo anthu otereŵa, pakuti ankayang'ana oseŵera okha.

Bwalo latsopano, Heritage Park, lidatsekulidwa mu October 2010, ndipo magetsi ake ounikira usiku anali mphatso ya Manchester United. Patangopita zaka ziŵiri timu ya Darlington, imene idaakhala zaka zambiri mu Football League, idagwa ndi ngongole nisoŵa pokhala, ndipo idalandiridwa ku Heritage Park, kumene idaseŵera kuyambira 2012 mpaka kumapeto kwa 2016. Chaka chomwecho cha 2012 Mpingo wa Anglican udagulitsa Auckland Castle, pamodzi ndi zithunzi za Yakobe ndi ana ake zojambulidwa ndi Francisco de Zurbarán, kwa bungwe loyambitsidwa ndi Jonathan Ruffer, ndipo nyumba imene Lightfoot ankaŵerengeramo Chigriki ndi anyamata ake idasanduka malo okaona alendo. M'chaka cha 2024 Bishop Auckland idapambananso Northern League, nikwera ku Northern Premier League, itavala buluu woderako ndi buluu woŵala.